Thanga, mwera ndi mulu wa usipa pa Chezi

Kunja kwacha, koma chisanu cha pa Chezi chikadali cholasa m'mafupa. Ndi mwezi wa Julayi. Amayi ogulitsa tomato afunda zitenje ziwiriziwiri, china m'chiuno, china kumutu mpaka kubisa makutu, ndipo akuyala milu yawo m'mbali mwa msewu wa M14 wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima.

Mphepo ikuchokera kummwera. Ikutola fumbi, majumbo ndi makoko a chimanga n'kumaziponya kutsidya kwa tala.

Kenaka pakuima galimoto yokoka ngolo. Pangolopo pagona kaboti koyera, kosalala ngati dzira. Pamwamba pake amangirira chitsulo chachitali chimene chatulukira kumbuyo, ndipo kunsonga kwake apachika kansanza kofiira. Ana athamangirako. Anyamata a kabaza asiya kuitanira anthu. Aliyense akusuzumira kumbuyo kwa kabotiko kuti aone injini.

Injini palibe.

Eni galimoto agula anyezi ndi kabichi, alipira, atsetsereka kulowera ku Mvera. Pamsika patsala funso: kanthu kameneka kamayenda ndi chiyani?

Kamayenda ndi mphepo yomweyi imene yawafunditsa amayi a tomato zitenje ziwiri.

Chapafupi pomwepo pali mayi wa usipa. Beseni lake silinadzaze, ndipo milu yake yachepa moti ukhoza kuwerenga tinsombato. Ukafunsa chifukwa, yankho la nyengo ino ndi limodzi m'misika yonse ya m'mapiri muno: kunyanja kuli mwera, asodzi sakulowa. Mwera ukaleka, yankho limasintha: mafuta adula, kapena mafuta akusowa.

Chezi ali pamwamba, m'mapiri a Dowa, ndipo ana ambiri a kuno akula osapondako madzi a m'nyanja. Koma ndiwo yawo yamadzulo imalamulidwa ndi zinthu ziwiri zochitikira kumusi uko: mphepo ndi petulo. Ndicho chinandipangitsa kutsika phiri kukafunsa za nsalu imene imagwira mphepo kuti bwato liyende popanda petulo.

Dzina lake ndi thanga. Akachuluka ndi matanga.

Achinyamata ambiri a kumtunda liwuli salidziwa. Amene analimvapo, analimvera kutchalitchi, powerenga za Paulo ndi chombo chake chimene chinasweka m'namondwe, m'buku la Machitidwe a Atumwi. Momwemo mulinso nangula ndi tsigiro. Chochititsa chidwi n'chakuti mawu a panyanjawa analowa m'Buku Lopatulika la Chichewa kuchokera m'mapiri omwe ano. Mishoni ya Mvera, kwa Chiwere, inatsegulidwa mu 1889 ndi Andrew C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo paphiri la Kaso pafupi ndi mishoniyo ndi pamene William H. Murray ndi anzake a Chimalawi ankakhala pansi kumasulira Baibulo limene linatuluka lathunthu mu 1922.

Chichewa chathu n'chodzala ndi mphepo kale. Sitinapange mayina a mbali za dziko poyang'ana mapu. Tinawatenga kumphepo. Kummwera n'kumene kumachokera mwera, kumpoto n'kumene kumachokera mpoto, kuvuma kumachokera vuma, kuzambwe kumachokera zambwe. Anthu otchula mbali za dziko motere ndi anthu amene ankaimirira panja, kumvera kumene tsaya likuzizira.

Kuchoka pa Chezi, msewu umakhotakhota kudutsa Mvera, n'kutsetsereka mpaka m'chigwa cha Salima. Juzi imene unavala m'mawa umaivulira m'minibasi. Kupitirira tauni ya Salima makilomita pafupifupi 20, ndiwe uyo ku Senga Bay, chilumba cha Namalenje chili patsogolo pako.

Tsiku la mwera, doko limakhala ngati pamaliro a munthu wamkulu. Maboti a matabwa awakokera pamchenga. Injini azivundikira ndi masaka. Amuna akhala m'magulu kusoka maukonde, ena akusewera bawo, maso onse amabwerera kumafunde. Matandala oyanikapo usipa ali gwa, opanda kanthu.

Thanga loyamba limene ndinaliona pafupi silinali loyera ngati kaboti ka pangolo kaja. Linali litakulungidwa pansungwi, litatsamira bwato. Atalitambasula, ndinazindikira zilembo zake nthawi yomweyo, chifukwa ndi zomwe zimadzaza nyumba za ku Dowa mwezi wa Disembala.

Anali matumba a feteleza.

Anawang'amba m'mbali, n'kuwalumikiza ndi singano yaikulu ndi ulusi wa ukonde. M'mphepete monse anapindamo chingwe kuti nsalu isatanuke. M'ngodya, mmene mphamvu yonse imakokera, anaphatikizamo zigamba ziwiri kapena zitatu. Pakati panali chigamba china cha tenti yabuluu, pamene mphepo inang'ambapo kale. Mlongoti unali wa bulugama, mtanda wake wa nsungwi. Zonsezo ndi katundu wa kumtunda.

Mlimi wa ku Chezi amasoka masaka momwemu akafuna poyanikira chimanga. Sadziwa kuti dzanja lake ladziwa kale theka la ntchito ya wosoka matanga.

Thanga silachilendo panyanja yathu, ngakhale mbiri yake ili ndi magazi. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Iye ndi omutsatira anakhoma zombo za matanga a ngodya zitatu, zofanana ndi za kugombe la Zanzibar. Zombozo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, ambiri a iwo a m'midzi ya kumtunda kuno, kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Malondawo anathetsedwa m'zaka za m'ma 1890. Luso la thanga linatsala.

David Livingstone nayenso analowa m'nyanjayi mu 1861 ndi kaboti ka nkhafi ndi thanga, kamene anthu anakasenza pamapewa kulambalala mathithi a Shire. Mafunde anamuphunzitsa msanga, moti anaitcha nyanja ya anamondwe.

Mpaka lero ku Likoma zombo za matanga zikuyenda. Zimaoloka kupita ku Cobue m'dziko la Mozambique ndi ku Chizumulu, zitanyamula nkhuni, ufa ndi anthu. Matanga ake ambiri ndi a zigambazigamba, koma ulendo umatheka.

M'madoko ambiri a kuno kumusi, injini inalipitikitsa thanga. Injini siidikira mphepo. Imakufikitsa kumene kuli nsomba msanga, imakokanso ukonde wa chilimira, n'kukubweza usipa usanawole. Munthu wa injini anakhala bwana, wa thanga anakhala wosauka. Ana a asodzi anaphunzira kutsuka mapulagi, osati kusoka ngodya ya thanga.

Kenaka ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta inakhala chizolowezi. Msodzi amene amagula petulo wa m'zigubu pamtengo wa mavenda amawerengera lita iliyonse. Akapita kutali n'kubwerako chimanjamanja, ngongoleyo amailipira ndi mayi wa beseni pa Chezi, ndi mwana amene akudya nsima ndi masamba okhaokha.

N'chifukwa chake nkhani ya thanga siili ya eni maboti a pangolo okha.

Koma thanga silili ngati chipewa choti ungotola n'kuvala. Limapha munthu wolitenga mwachibwana. Ndipo ngozi yambiri imayambira pamtunda, posankha.

Cholakwa choyamba ndi dyera la kukula. Munthu amaganiza kuti thanga lalikulu ndiye liwiro, ndiye ulemu padoko. Zoona, m'kamphepo kayaziyazi thanga lalikulu limathandiza. Koma mphamvu ya mphepo siikwera mwaulemu. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu imene imakankha nsalu imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvuyo imafika kasanu ndi kanayi. Thanga limene linali bwenzi lako m'mawa limasanduka ng'ombe yolusa masana.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Opanga maboti a masewera anaiganizira bwino nkhaniyi. Kaboti kotchuka kotchedwa Laser, kamene masiku ano amakatchanso ILCA, kanapangidwa ndi Bruce Kirby ndi Ian Bruce a ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Thupi la botilo ndi limodzi, koma matanga ake alipo atatu. Laling'ono ndi la masikweya mita 4.7, la achinyamata opepuka. Lapakati ndi la pafupifupi 5.8. Lalikulu ndi la masikweya mita 7, la munthu wolemera makilogalamu opitirira 70. Sasankha thanga poyang'ana kulimba mtima kwa munthu. Amamukweza pasikelo.

Chifukwa chake n'chosavuta. M'kaboti kakang'ono mulibe chitsulo cholemera pansi choti chiliimike. Thupi la woyendetsa ndilo mwala wake. Mphepo ikakankha thanga mbali ino, iye amakhala mbali inayo, nthawi zina atatulutsa matako kunja, mapazi atakowa lamba. Ngati nsalu yaposa kulemera kwake, palibe luso lingamupulumutse.

Ana amayambira pa kena kakang'ono kwambiri, Optimist, kamene Clark Mills anakapanga ku Florida mu 1947. Kutalika kwake ndi mamita 2.3, ngati bokosi la matabwa, ndipo thanga lake ndi la masikweya mita pafupifupi 3.3.

Kuti timvane bwino, tiyeze ndi thumba. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ukaling'amba n'kulitambasula limakwana sikweya mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye kuti thanga la mwana ndi matumba atatu. Thanga lalikulu la Laser ndi matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Tsono taganizani munthu wokweza matumba khumi pabwato losema, lozungulira pansi, limene ngakhale kuyetsemula kumaligwedeza.

Bwato losema limafuna kathanga kakang'ono, kotsika, ndipo kamathandiza pokhapokha mphepo ikuchokera kumbuyo kapena chakumbali pang'ono. Boti la matabwa, lotambalala pansi, limapirira nsalu yokulirapo. Katundu nayenso amawerengedwa. Boti lodzala ndi usipa ndi maukonde onyowa lamira kale pang'ono, ndipo likapendekeka madzi amalowa msanga.

Chachiwiri ndi nsalu yake. Matanga a masewera amasokedwa ndi poliyesita wolimba, amene sayamwa madzi ndipo amatha zaka. Koma ndi wakunja, wofuna ndalama zakunja zomwezo zikusowa pogula mafuta. Nsalu ya thonje imagwira mphepo bwino, koma ikanyowa imalemera, ndipo ukaipinda yonyowa imachita nkhungu n'kuwola. Saka ndi lotchipa, lopepuka, louma msanga. Mdani wake ndi dzuwa. Mlimi aliyense wa ku Ntchisi akudziwa chimene chimachitika thumba likakhala panja miyezi ingapo: umangoligwira n'kusanduka ufa. Thanga la masaka losiyidwa pamchenga masana onse likudyedwa mwakachetechete, ndipo lidzang'ambika tsiku limene ukulifuna kwambiri.

Wosamala amalikulunga akangofika, n'kuliika pamthunzi.

Chachitatu ndi mimba. Thanga labwino silikhala lathyathyathya ngati chitseko, komanso silikhala thumba lolendewera. Limakhala ndi kamimba kopindika ngati phiko la mbalame. Mphepo ikachepa, umalilola kutupa kuti ligwire yambiri. Ikakula, umalikunga m'mphepete kuti liphwe mimba, mphepo izidutsa osakugwetsa.

Apa ndi pamene anthu a kumtunda amakanira kuti n'zosatheka: boti la thanga limatha kuyenda molowera kumene mphepo ikuchokera.

Silipita molunjika, ayi. Limapita chopingasa. Tengani njere ya dzungu yonyowa, muifinye pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mwaifinya kuchokera m'mbali, koma yathawira kutsogolo. Botinso n'chimodzimodzi. Chala chimodzi ndi mphepo yokankha thanga. Chala china ndi madzi okankha thabwa lopyapyala limene amalitsitsa kupyola pansi pa boti. Boti lofinyidwa pakati pa ziwirizi limatuluka kutsogolo. Maboti a masewera amatha kuloza pafupifupi madigiri 45 kuchoka kumene mphepo ikuchokera. Amapita kumanja kwakanthawi, n'kutembenukira kumanzere, n'kubwereranso, monga momwe msewu umakwerera phiri kuchoka ku Salima kupita ku Mvera.

Bwato losema lilibe thabwa limenelo. Ukayesa kukwera mphepo nalo, limangotsetsereka chammbali ngati nkhanu. Wopalasa waluso amamiza nkhafi m'mbali kuti igwire madzi pang'ono, koma ili ndi malire ake.

Tsopano kagwiridwe.

Lamulo loyamba, limene aphunzitsi a ana ku Ulaya ndi madoda a ku Likoma amagwirizana popanda kukumana, ndi lakuti chingwe chowongolera thanga m'kaboti kakang'ono sachimanga mfundo. Chimakhala m'dzanja. Mphepo ikabwera mwadzidzidzi, umachitayako, thanga limatseguka ngati chitseko, mphepo imadutsa, boti limadzuka. Wochimangirira pathabwa kuti manja apume kapena ayatse fodya, nthawi yomasula mfundo saipeza.

Kodi ukudziwa bwanji kuti wakoka mokwanira? Umakhwefula chingwe pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa kutsogolo mwa thanga mutayamba kunjenjemera. Pamenepo umakoka pang'ono chabe kuti kunjenjemerako kuleke. Basi. Ophunzira ambiri amakoka mopitirira chifukwa cha mantha, poganiza kuti chingwe chokungika ndiye chitetezo. Boti limangopendekeka, liwiro osaoneka.

Maso nawo ali ndi ntchito. Kansanza kapena ulusi womangirira pamlongoti umakuuza kumene mphepo ikuchokera. Madzi akada patsogolo pako, ngati wina wathirapo mthunzi, ndiye kuti chimphepo chikubwera, ndipo uli ndi kamphindi kokonzeka. Mitambo ya nkhungu, tizilombo timene timafuka panyanja ngati utsi, imasonyeza kumene mpweya ukulowera. Utsi wa m'midzi ya m'mphepete nawo umalankhula.

Lamulo lachiwiri ndi kufunya msanga. Kufunya thanga ndiko kulichepetsa, kupinda mbali yake yapansi n'kuimangirira kapena kulikulunga pamlongoti. Ntchitoyi njosavuta padoko kapena mphepo isanakule. Pakati pa mafunde, nsalu ikukukwapula kumaso, boti likudumpha, imafuna manja anayi. Nthawi yoyenera kufunya ndi pamene ganizolo lakufikira koyamba m'mutu. Kuonjezera nsalu pambuyo pake sikuvuta.

Ndipo pali kutembenuka, kumene kuli mitundu iwiri.

Kutembenuka mphuno ya boti italoza kumphepo n'kofatsa. Thanga limataya mphamvu, limakupiza pang'ono, n'kudzaza mbali inayo. Woyendetsa amawerama, n'kusamukira mbali ya kumphepo.

Kutembenuka mphepo ili kumbuyo ndi nkhani ina. Thanga limakhala lodzaza mpaka mphindi yomaliza, kenaka limadumpha mbali ina kupita mbali ina ndi mphamvu yonse. Pamaboti a masewera pansi pa thanga pamakhala mtanda wachitsulo umene umadutsa pamene pali mutu wa munthu. Ambiri agwera m'madzi atakomoka chifukwa cha mtanda umenewu. Waluso amayamba wakokera thanga pakati, amachenjeza anzake, amatembenuza tsigiro pang'ono, kenaka n'kutaya chingwe msanga.

Zombo za ku Likoma, za mtanda wautali wopendekeka, nthawi zambiri zimatembenuka mwanjira yachiwiriyi. Amalinyero amaimika mtandawo, n'kuuzunguliritsa kutsogolo kwa mlongoti pamodzi ndi thanga lake. Ndi ntchito ya anthu angapo omverana, ndipo wokwera amene waimirira pamalo olakwika amakalipiridwa ngakhale akhale mfumu.

Kuyenda mphepo ili kumbuyo kumanyenga. Popeza ukuthamanga nayo limodzi, suimva kukula kwake. Kumaoneka bata, dzuwa likuwala, boti likuuluka. Ukangotembenuka kuti ubwerere, m'pamene umazindikira kuti wapita kutali ndipo mphepo yakula kale. Wanzeru poyeserera amayamba ulendo wake molowera kumphepo, kuti pobwerera, atatopa, imukankhire kwawo.

Pali chinthu china chimene anthu a pa Chezi ayenera kuchidziwa, chifukwa ndi mphatso imene mapiri awo amatumiza kunyanja usiku uliwonse wabata.

Dzuwa likalowa, mtunda umazizira msanga kuposa madzi. Mpweya wozizira wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, popeza ndi wolemera, umatsetsereka m'zigwa kulowera kunyanja. Kugombe umafika ngati kamphepo kochokera kumtunda, kokankhira mabwato kuya. Dzuwa likakwera, mtunda umatentha kuposa madzi, ndipo mphepo imatembenuka, kuchokera panyanja kulowera kumtunda. Msodzi amalowa madzulo, amatuluka m'mawa. Nyengo yopanda mwera kapena mpoto wamphamvu, mphepo ziwirizi zimayenda pafupifupi pandandanda wake womwewo.

Chisanu chimene chimakulowetsa m'nyumba msanga ku Chezi ndicho chikukankha bwato la munthu kugombe la Lifuwu.

Koma mapiri omwewo amaponyanso misampha. Kumene phiri layandikira madzi, mphepo imagwa kuchokera pamwamba mwadzidzidzi, mbali yosayembekezeka. Nyengo ya dzinja namondwe amasonkhana m'kanthawi kochepa, ndipo kutsogolo kwa mtambo wakuda kumabwera chimphepo chozizira mvula isanagwe. Ukaona zimenezo, thanga litsike lonse.

Mwera weniweni, wa pakati pa Meyi ndi Ogasiti, suseweredwa. Nyanjayi njotalika makilomita oposa 550, ndipo mphepo yochokera kummwera imayenda mtunda wonsewo ikuutsa mafunde. Pa 30 Julayi 1946, sitima yachitsulo ya Vipya, yatsopano, ya injini, inamira kumpoto kwa nyanjayi m'mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anafa. Nthambi yoona zanyengo ikachenjeza pawailesi kuti kukubwera mwera, thanga labwino ndi limene lili pamthunzi, litakulungidwa.

Nanga boti likagubuduzika?

Ana a maboti a masewera amaphunzitsidwa kuligubuduza dala pamadzi osaya, kuti tsiku la ngozi asachite mantha. Amamasula chingwe cha thanga, amasambira kuzungulira kumbuyo, amakwera pathabwa la pansi lija, ndipo kulemera kwawo kumalidzutsa. Kenaka n'kukapa madzi. Boti la asodzi silidzuka mophweka chotero. Koma lamulo limodzi ndi la onse: usalisiye. Bwato lamatabwa ngakhale litadzala madzi kawirikawiri limayandama, ndipo opulumutsa amaliona patali kusiyana ndi mutu wa munthu. Gombe limaoneka pafupi kuposa mmene liliri. Jekete yodzitetezera pamadzi, imene asodzi ambiri alibe ndipo ena amachita nayo manyazi, imagwira ntchito ikakhala pathupi, osati pansi pa ukonde.

Kaboti kaja ndinakaona pa Chezi sikanali kokha. Pafupi ndi Lilongwe, padamu la Kamuzu, pali kalabu ya okonda maboti a matanga. Panyanja pamachitikanso mpikisano wautali umene unayamba mu 1984, wa nyengo yomweyi ya mwera, wochoka ku Mangochi kulowera kumpoto mtunda woposa makilomita 500, ndipo umaima m'madoko ngati Senga Bay ndi Nkhotakota. Matanga amitundumitundu akafika, ana a asodzi amaima pamchenga kuonerera.

Kuonerera basi.

Izi zimandiwawa. Anawa anabadwira m'madzi. Amapalasa bwato asanayambe sitandade 1, amadziwa mwera ndi khungu lawo. Anzathu a ku Mozambique anatumiza atsikana oyendetsa maboti a matanga kumasewera a Olimpiki a ku Tokyo amene anachitika mu 2021, mmodzi wa iwo Deisy Nhaquile pa Laser yomweyi. Kaboti ka mwana kakhoza kukhomedwa ndi kalipentala aliyense wa ku Salima amene amakhoma maboti akuluakulu a asodzi. Chikusowa ndi woyambitsa.

Ndipo malo ophunzitsira tili nawo. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli sukulu ya zausodzi ndi malo okhomera maboti. Ku Monkey Bay kuli sukulu ya zapanyanja. M'madoko muli makomiti a asodzi. Ku Mbenji, m'boma lomweli la Salima, anthu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumba chawo nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950 kuti nsomba ziswane, mwa lamulo lawolawo. Anthu amene angathe kusunga lamulo lovuta chotero sangalephere kusunga luso la nsalu ndi chingwe, atafuna.

Sindikunena kuti thanga lidzalowa m'malo mwa injini. Chilimira chimafuna maboti ozungulira msanga siginala, wa nyali zokopa nsomba, akaitana. Wodwala wothamangira naye kuchipatala sangadikire mphepo. Koma boti limene lili ndi zonse ziwiri limazimitsa injini pamene mphepo ikulowera kumene likupita, ndipo petulo amatsala m'chigubu. Injini ikafa pakati pa madzi usiku, monga zimachitikira, thanga la matumba anayi limasiyanitsa kufika kunyumba ndi kutengedwa kupita kutsidya la Mozambique.

Chofunika n'chakuti wolikweza adziwe muyeso wake. Thanga lobwerera m'madoko popanda agogo ake olidziwa likhoza kuchulukitsa maliro m'malo mochulukitsa usipa. Ndipo agogowo akutha mmodzimmodzi.

Pobwerera, minibasi inakwera phiri movutikira, fungo la nsomba zouma lili thoo, mabeseni atapanikizidwa pansi pa mipando. Pofika pa Chezi dzuwa linali litapendeka, juzi inabwerera pathupi.

Kuseri kwa magolosale, bambo wina wachikulire anali atayala chimanga pachinsalu cha masaka osokedwa pamodzi. Mdzukulu wake ankamuthandiza kuwola. Atachotsa chimanga cha mbali imodzi, mwera unalowa pansi pa nsaluyo. Inatupa, inadzuka, inayamba kumukoka mwanayo kulowera kumsewu, iye atagwira ngodya ziwiri, mapazi akukhwekhwereza fumbi.

Agogowo anamukuwira kuti ataye ngodya imodzi.

Anataya. Nsalu inaphwa, inagwa pansi. Awiriwo anaipinda, n'kutsindikiza mwala pamwamba pake.